MAFUTA A NKHUKU SI OTAYA AI

Alimi anzathu, ambiri a inu a ku Chongwe mumapita ndi nkhuku zanu ku Lusaka pa mseu wa Great East Road, kukagulitsa ku Avondale ndi ku Chelstone. Kumeneko mwaona nkhuku zoyera za mabroila, zimene zimakula m'masabata 6 okha, ndipo ziri ndi mafuta ambiri kuposa nkhuku za kumudzi. Mwaonanso kuti m'nyumba zina, akaphika nkhuku, mafuta otsala amawathira m'sinki. Khalidwe limeneli musabwere nalo kumudzi.

Mafuta ndi cakudya. Amapatsa thupi mphamvu kuposa kawiri mphamvu ya ufa wolemera cimodzimodzi. Nkhuku inadya cimanga canu kuti inenepe. Tsono wotaya mafuta ace wataya cimanga, ndipo mawa adzaturutsanso ndalama kugula saladi ku sitolo.

Citani cotere. Dulani mafuta ndi zikopa tizidutswa ting'onoting'ono, muike mu mphika pa moto wocepa kufikira atasungunuka ndipo madzi onse aphwa. Sefani pa kansaru koyera, muthire m'botolo louma, mutseke ndi kuika pozizira. Ngati mulibe firiji, muwamalize m'masiku ocepa. Supuni imodzi ikwanira kukometsa repu, ciwawa kapena nyemba. Musacurutse ai, makamaka kwa acikulire odwala mtima.

Nanga otayidwawo amapita kuti? Akazizira amauma, makamaka mu Juni ndi Julai, natseka mipope. Nyumba zambiri za mu Lusaka zimadalira maenje a zonyansa, ndipo mpope ukatsekeka madzi oipa amasefukira pabwalo. Madzi oipa ndiwo njira ya kolera, nthenda imene inapha anthu ambiri mu Lusaka mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024. Kumudzi, mafuta otayidwa kuseri kwa nyumba amaitana nchenche, makoswe ndi agaru.

Ena adzati kusunga timafuta totere ndi umphawi. Ife tikuti ndi nzeru, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma mafuta akayamba kununkha musawadye, ndipo musapatse ana. Kumbani kadzenje kutali ndi citsime, muwakwirire bwino. Kumbukirani kuti mlimi wosamala amadya nkhuku yace kawiri: lero nyama, mawa ndiwo zamasamba zokoma.