Makina Obwereza Mau Sali Mdani wa Kalimba

Masiku ano kwaoneka kabokosi kacitsulo kamene woyimba aika pansi, nakaponda ndi phazi pamene manja ace ali otanganidwa ndi gitala. Dzina lace la Cingerezi ndi pedal, ndipo timabokosi totere tiri ta mitundumitundu. Koma kamene kautsa mkangano kali ndi nchito ziwiri. Yoyamba ichedwa looper. Munthu akaponda koyamba, kabokosi kayamba kusunga mau amene iye alikuyimba. Akaponda kaciwiri, kabweza mau omwewo, nikawabwereza kosaleka. Pamenepo mwini akhoza kusanjikapo mau ena, ndi enanso pamwamba pace, kufikira munthu mmodzi amveka ngati gulu. Nchito yaciwiri ichedwa glitch, ndiko kunena kuphonya kwa makina. Apa kabokosi kaduladula mau m'tizidutswa tating'onoting'ono, nikawacititsa cibwibwi, kapena kuwayendetsa cam'mbuyo, kapena kuwasasitsa, monga icitira mbale ya galamafoni yokandika pamene singano yakanirira pa mzere umodzi.

Mtengo wa kabokosika ngwokwera, koma nchito yomweyo ipezeka tsopano m'telefoni ya m'manja ndi m'kompyuta, kotero kuti mnyamata wa ku Petauke kapena wa ku Nyimba amene watsiriza sukulu akhoza kuiyesa osafika ku Lusaka. Akaiyesa, sasowa omuweruza. Ena ndi akuluakulu a pamudzi, ena ndi anthu ophunzira amene anazolowera nyimbo za m'buku, ndipo mirandu imene apatsa makinawo iri itatu. Ati kubwereza mau amodzimodzi ndi ulesi, si luso ai. Ati mau osasa ndi oduka ndi phokoso cabe. Atinso cinthuci ncacilendo, ndipo cidzapha nyimbo za Cinsenga. Mirandu iwiri yoyambayo iribe mboni. Wacitatu uli ndi coonadi pang'ono, koma wagwera wosalakwa.

Amene ayesa kubwereza ulesi ayenera kukaima pafupi ndi mtondo m'mamawa. Akazi awiri kapena atatu asinja, misi ilowa ndi kuturuka mosinthana, ndipo kugunda kwace sikusintha kufikira mphale yayera. Pamwamba pa kugunda kumeneko mmodzi aponya mau, anzace nayankha, ndipo m'nyimbomo mutuluka madandaulo onse a m'banja. Ng'oma za cinamwali ziyenda m'njira yomweyo, ndi kalimba yemwe. M'caka ca 1961 John Blacking, wofufuza nyimbo za mitundu ya anthu, anakhala pakati pa Ansenga m'boma la Petauke, nalemba za mayimbidwe ao a kalimba m'magazini ochedwa African Music. Iye anaona kuti nyimbozo zimangidwa pa kayendedwe ka zala ziwiri zazikuru, ca kumanja ndi ca kumanzere, zimene zizungulira njira yaifupi ndi kubwerera pomwe zinayambira. Mzere waufupi wozungulira, wosenza mau ena pamwamba pace, ndiwo maziko a nyimbo za dziko lino. Ngati kubwereza ndi ulesi, ndiye kuti makolo onse a Ansenga anali aulesi, ndipo palibe munthu wolongosoka amene angabvomere mau otere.

Pali cinanso cimene oweruzawo sacidziwa, ndico cakuti Azungu naonso anafika pa nzeru imeneyi. Zambiri mwa nyimbo zao zazikuru zinali zoyenda ngati ulendo, kucokera poyamba kukafika potsiriza. M'caka ca 1948, ku Paris, Pierre Schaeffer anayamba kupanga nyimbo ndi mbale zimene mzere wace unali wotsekeka, kuti singano izingozungulira pamodzimodzi. M'caka ca 1965 Steve Reich wa ku America anatenga mau ocepa a mlaliki wa mumseu, nawaika pa makina awiri a tepi obwereza. Makina amodzi atayamba kutsogola pang'ono, munaturuka mayimbidwe amene anadabwitsa anthu ambiri. Reich yemweyo anawerenga buku la A. M. Jones la 1959 lofotokoza nyimbo za mu Afrika, ndipo mu 1970 anapita ku Ghana kukaphunzira ng'oma. Tsono Jones ameneyu anali mmishoni amene anakhala zaka zambiri ku Mapanza, m'dziko lomwe lino, nachera khutu ku ng'oma za anthu akuno. Kabokosi kamene kampani ya Boss ya ku Japan inaturutsa mu 2001, ndi kufalitsa nako kayimbidwe kobwereza ndi phazi, kanabadwa m'mbuyo mwa zonsezi. Cotero munthu wokana looper cifukwa ca kubwereza kwace afanana ndi mai wopitikitsa mwana wace pakhomo cifukwa wabwerako ku ulendo atabvala jekete.

Mlandu waciwiri, wa phokoso, ndiwo wocititsa cisoni koposa, pakuti uonetsa khutu limene laiwala kwao. Mmisiri wa kalimba akatha kusema thabwa ndi kusula mano ace acitsulo, nchito sinathe. Aboola kaciboo, namatapo kacikopa koyera kamene kangaude asungiramo mazira ace, kuti mau azinjenjemera. Ena amangirira zigoba za nkhono kapena zitsekerero za mabotolo pa cikho cokuzira mau. Wobvina amanga maseche m'miyendo. Zonsezi acitira dala, cifukwa kwa makolo mau oyera mbee, opanda kunjenjemera, anali ngati ndiwo zopanda mcere. Khutu lofuna mau osalala okhaokha linadza ndi limba la m'chalichi ndi nyimbo za kusukulu. Nyimbo zimenezo nzabwino pa malo ace, ndipo zatonthoza anthu ambiri. Koma nkulakwa kutenga muyeso wa nyumba imodzi ndi kuyesera nao nyumba zonse za m'mudzi.

Ndiponso aka si koyamba kuti mau osasa a makina alowe m'nyimbo za Zambia. M'zaka za m'ma 1970 Paul Ngozi ndi gulu lace la Ngozi Family, pamodzi ndi magulu ena monga WITCH ndi Amanaz, analiza magitala ao kupyolera m'timabokosi tosasitsa mau, ndipo nyimbozo, zochedwa Zamrock, lero zifunidwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America, amene azisindikizanso pa mbale zatsopano. Ku Kinshasa gulu la Konono No. 1 linalumikiza malikembe, amene ali abale a kalimba, ku zokuzira mau zopangidwa ndi zitsulo za magalimoto akutha. Mau anaturuka okalipa ndi osweka, ndipo mbale yao ya 2004 inachuka m'maiko ambiri. Ku Germany gulu la Oval linkalemba ndi kukanda dala pa mbale za CD m'zaka za m'ma 1990, kuti makina aphonye, ndi kupanga nyimbo ndi kuphonyako. Onsewa anazindikira cimene mmisiri wa kalimba anacidziwa kale: kuti cilema ca mau, cikaikidwa pa malo ace ndi munthu wakhutu, cisanduka cokometsera.

Watsala mlandu wacitatu, ndipo uwu suyenera kupeputsidwa. Nzoona kuti makina alibe khutu. Woyimba ng'oma ayang'ana mapazi a wobvina. Wobvina akafulumira, ng'oma imtsata, akatopa, imdikira. Kubwereza kwa munthu sikufanana konse kawiri, pakuti dzanja lipuma, mtima usintha, ndipo m'kusiyana kwakung'onoko ndimo muli moyo wa nyimbo. Kabokosi kabweza cimene kanalandira, osaonjeza, osacotsa, ndipo sikadziwa ngati pabwalo pali ukwati kapena maliro. Nzoonanso kuti mnyamata wodzitsekera m'cipinda ndi makina akhoza kudziyesa gulu lathunthu, naiwala kuti mutu umodzi susenza denga. Cifukwa cace palibe wanzeru amene anganene kuti pa mwambo wa Tuwimba, kwa Mfumu Kalindawalo, acotse ng'oma ndi kuikapo kabokosi. Pamenepo si malo ace.

Koma kalimba nayo sinali ng'oma ya pabwalo. Inali bwenzi la munthu mmodzi, la mnyamata woyenda ulendo wautali wapansi, kapena wokhala pa khonde madzulo nadandaula za mkazi amene anamkana. Woyimba yekha ndi looper ali pa mpando womwewo. Ndipo ngati kalimba yasowa m'midzi yambiri, amene anaisowetsa si kabokosi kofika dzulo. Inayamba kucepa kale, pamene anyamata obwera ku migodi ya Copperbelt ndi ya kumwera anadza ndi magitala ndi magalamafoni, pamene wailesi inalowa m'nyumba, ndiponso pamene ophunzira anayamba kucita manyazi ndi zinthu za kwao. Ena mwa amene lero alirira nyimbo za makolo ndiwo omwe sanagulepo kalimba kwa mmisiri, ndipo sanatumepo mwana wao kukaphunzira kwa agogo ace. Nkosabvuta kuloza cala mlendo pamene mbala iri m'nyumba.

Bvuto leni leni liri pa ici: kabokosi kabwera kopanda kanthu m'kati. Kabweza cimene mwini wakapatsa. Mnyamata amene m'mutu mwace muli nyimbo za ku Lagos ndi za ku New York zokha adzangobwereza zomwezo, ndipo adzakhala wotsiriza pa mzere wa otsanzira zikwi zambiri. Koma amene adziwa kugunda kwa misi itatu, mayankhidwe a akazi a kwa Ndake kapena a kwa Nyalugwe, ndi kayendedwe ka zala pa kalimba, ali ndi cuma cimene woyimba wa ku London sangacigule m'sitolo. Ngakhale kupfuula kwa ogulitsa nthoci pa msika wa Nyimba, pamene basi yaima pa mseu waukuru wa ku Cipata, kuli ndi kayimbidwe kace kamene khutu lakuthwa lingakagwire ndi kukazunguliza.

Cotero wotsiriza sukulu amene afuna njira imeneyi ali ndi mangawa atatu. Ayambe waphunzitsa manja ace, cifukwa phazi silingakonze cimene zala zalephera. Akakhale pansi kwa nkhalamba yodziwa kalimba nthawi isanathe, pakuti nkhalambazo sizidikira. Kaciwiri, asalole makina kuongola mau a kalimba kuti afanane ndi a piyano, popeza macunidwe a makolo sali olakwa, ali ena cabe. Kacitatu, akajambula mau a munthu, apemphe, achule dzina la mwini nyimbo, ndipo phindu likapezeka amgawireko. Nyimbo za kutsimba ndi za miyambo yobisika azisiye kumene ziri. Hugh Tracey, amene anayambitsa nyumba yosungira nyimbo za mu Afrika m'caka ca 1954, anayenda maiko ambiri ndi makina olemera kuti asunge mau otere. Lero makina oposa amenewo ali m'thumba la mnyamata wa ku Minga, ndipo kudzakhala kwamanyazi ngati mlendo anasamala cimene mwini acitaya.

Akuluakulu ananena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kameta bwino m'dzanja la wodziwa, ndipo kaceka khutu m'dzanja la mwana. Koma palibe mudzi umene unaleka kumeta cifukwa ca ico. Oweruza aleke kuimba mlandu kabokosi, nafunse mnyamatayo funso limodzi loyenera: kodi waikamo ciani? Akayankha ndi nyimbo ya kwao, amlole apitirize, ngakhale imveke yacibwibwi ndi yosasa. Akasowa poyankha, amtengere kwa mmisiri wa kalimba, ndipo iwo omwe alipire mtengo wace.