ZA UMOYO WATHU: Jekeseni ikalephera pa dzanja la amai

Mwezi wa February ukafika, alendo a ku Nc'wala amadzaza pa Mtenguleni, ndipo maso onse amakhala pa Nkosi yama Nkosi Mpezeni ndi pa amuna obvina ingoma. Koma ndani amaona manja amene anasinja, kutunga madzi, kucapa ndi kuphikira khamu lonselo? Sabata ino tikambe za manja amenewo, maka-maka za ululu uja umabaya pa mfundo ya dzanja, m'munsi mwa cala cacikulu.

Nthendayi anaifotokoza m'caka ca 1895 dotolo wa ku Switzerland, Fritz de Quervain, ndipo m'zipatala imadziwika ndi dzina lace. Imagwira akazi kuposa amuna, kweni-kweni amai a mwana wakhanda amene amamnyamula kambiri pa tsiku atamgwira m'khwapa. Kufinya zobvala, kukama ng'ombe ndi kutong'ola cimanga kumaikolezeranso.

Kumbuyo kwa mfundo ya dzanja kuli tinjira 6, mmene mumapita mitsempha yonga zingwe yokoka zala. Sitikunena mitsempha ya magazi ai. M'kanjira koyamba mumapita zingwe ziwiri za cala cacikulu. Kanjirako kakakhuthala ndi kupanikiza, zingwezo zimakhulana naco monga cingwe pa mlomo wa citsime, ndipo ndiwo ululu mukuumvawo. Mungadziyese nokha: pindani cala cacikulu m'cikhatho, fumbatani, ndipo mupendeketse dzanja ca ku kacala kotsiriza. Mukamva kubaya koopsa, pitani ku cipatala.

Kumeneko amayamba ndi kupumitsa dzanja, kulimanga ndi kathabwa, ndi mankhwala ocepetsa ululu. Zikakanika amabaya jekeseni m'kanjira momwemo, ndipo ambiri amacira nayo.

Nanga bwanji ena sacira? Apa ndipo pagona nkhani. Sitinaumbidwe cimodzi-modzi m'kati. Mwa anthu ena, mmodzi mwa atatu kapena kuposapo, kanjira koyamba kaja kali ndi kacipupa kokagawa pawiri, kotero kuti cingwe cimodzi cimagona m'kacipinda kaceke. Kacipupako si nthenda, ndi cibadwa cabe, ndipo kangapezeke ku dzanja limodzi kosapezeka ku linzace. Enanso cingwe cinaco cimakhala cogawika nthambi ziwiri kapena zitatu. Tsono jekeseni ikalowa mbali imodzi ya kacipupa, mankhwala safika ku mbali inayo. Zili ngati kuthirira dimba pamene mzere umodzi watsekedwa ndi mthumbira: madzi mwathira ndithu, koma ndiwo za mu mzere umenewo zifotabe.

Ndipo pamenepa pamene ambiri a ife timatayira mtima. Timati adotolo alephera, mwina timati pali munthu watiponda, ndipo timathamangira kukatemera mphini. Ine ndikuti mphini pa malo amenewa n'zoopsa. Bvuto lili pansi, pa pfupa, pamene lumo silifika. Koma pansi pa khungu pomwepo pamapita mtsempha wina umene umapatsa kumva kumbuyo kwa cala cacikulu, ndipo lumo likazama dzanzi lingatsale masiku onse.

Bwererani ku cipatala mukanene poyera kuti jekeseni yoyamba siinathandize. Mau amenewo amathandiza dotolo kuganizira za kacipupa kaja. Angabayenso molunjika ku kacipinda kaciwiri, ndipo kumene kuli makina ounikira m'thupi a ultrasound angathe kukaona asanabaye. Zonse zikakanika pali opaleshoni yaing'ono, imene kawiri-kawiri amangocititsa dzanzi pa malopo osakugonekani tulo. Dotolo amang'amba denga la kanjirako, nafunafuna ngati pali kacipinda kena kuti akatsegulenso, cifukwa kakatsala kotseka ululu sutha. A ku Mtenguleni yambirani pa kiliniki ya kwanu, imene ingakutumizeni ku Chipata Central Hospital.

Pakali pano, amai, ponyamula mwana lowetsani cikhatho conse pansi pa matako ndi msana wace, osamkola ndi zala zazikulu m'khwapa. Inunso abambo, zobvala za kufinya zija zitengeni ndinu kufikira dzanja litapola.