Mwano pa Nchito Udwalitsa Ophunzitsa Masewera

Mu Livingstone, malo ocitiramo masewera olimbitsa thupi, amene ambiri amati jimu, apezeka m'mahotela a kufupi ndi Mosi-oa-Tunya ndi m'tauni momwe. Anthu apitako kukacepetsa mafuta ndi kutsitsa BP. Koma ndani afunsako za umoyo wa mnyamata kapena mtsikana wa ku Maramba, Dambwa kapena Libuyu amene awaphunzitsa?

Mwanayu atsegula jimu kusanace, cifukwa makasitomala afuna kuyamba asanapite ku ofesi, ndipo atseka usiku. Tsiku lonse ayenera kumwetulira, ngakhale m'kutentha kwa mwezi wa October. Wina amuitana ndi mluzu. Wina amponyera thaulo lonyowa ndi thukuta. Mkulu wina amkalipira kuti mimba siicepa, pamene mowa sanaleke. Atsikana amva ndi mau a cipongwe onena za matupi ao. Akadandaula, abwana angoti kasitomala salakwa.

Mwano wotere sutulutsa magazi, ndiye cifukwa cake anthu aupeputsa. Koma mtima usunga. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linazindikira kutoperatu kocokera ku mabvuto a pa nchito amene sathetsedwa. Zizindikiro zake ndi zitatu: kutha mphamvu, kuipidwa ndi nchito, ndi kulephera kuigwira bwino monga kale. Ambiri asowanso tulo ndipo mutu suleka kuwawa. Panadol sacotsa mwano.

Makolo, mwana akafika madzulo wosafuna nsima, woyankha mokalipa, musathamangire kunena kuti wayamba matama kapena ulesi. Mufunseni za ku nchito. Mau akuti "pirira, nchito isowa" ndi oona, koma asatseke pakamwa pake. Akapitiriza kusowa tulo apite ku kiliniki.

Mlandu waukulu uli ndi eni malo. Lamulo la nchito la Employment Code Act la 2019 liika maola 48 pa sabata, ndipo opitirira apo alipiridwa padera. Lifunanso kuti olemba nchito akhale ndi ndondomeko yoletsa kuzunza anchito ndi njira yomvera madandaulo. Abwana amene aopa kudzudzula kasitomala mmodzi wamwano adzataya mphunzitsi wabwino, ndipo mphunzitsi wotopa ndiye aiwala kumanga bwino zitsulo zolemera pamwamba pa cifuwa ca munthu.

Wanchito amene madandaulo ake samvedwa alembe masiku ndi mau amene ananenedwa, apite nazo ku ofesi ya Labour mu Livingstone.