Tisanasamuke, Tiyambe Tatuta Katundu

Mwezi uno tikambirane za mapepala amene timalandira pakhomo la tchalitchi osawaganizira: kapepala ka zolengeza za parishi, ndondomeko ya Misa ya ukwati, nyimbo za pamaliro ndi ziphaso za osonkha ndalama zomangira. Ku parishi ya Good Shepherd kuno ku Kabwata, monganso ku Chelstone ndi ku Woodlands, pepala lotere lisanafike m'manja mwathu pamakhala wina amene walikonza pa kompyuta.

Akuluakulu akumbukira masiku a taipi ndi stensulo, pamene mlembi ankapukusa makina a Gestetner mpaka inki kudetsa malaya. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1985 pamene kampani ya Aldus inatulutsa PageMaker, pulogalamu yoyala mawu ndi zithunzi patsamba. Adobe inagula Aldus mu 1994, n'kutulutsa InDesign mu 1999, ndipo PageMaker 7 ya mu 2001 ndiyo inali yotsiriza. Amene sanasamutse ntchito zawo nthawi ilipo anatsala ndi mafayilo ovuta kutsegula.

Tsopano mkuntho womwewo wafikira Microsoft Publisher, imene inayamba mu 1991 ndipo maofesi ang'onoang'ono anaikonda chifukwa ndi yosavuta. Mu 2024 Microsoft inalengeza kuti mwezi wa Okutobala 2026 ndiwo mapeto a chisamaliro chake pa pulogalamuyi, ndi kuti olipira Microsoft 365 sadzakhalanso nayo. Vuto ndi lakuti fayilo ya Publisher sitseguka mu Word. Parishi imene inasunga ntchito ya zaka 20 m'mafayilo otere ikhoza kudzuka tsiku lina nkhokwe ili yodzaza koma khomo lake litatsekeka.

Nanga tisamukire kuti? InDesign ndi yamphamvu, koma chiyambire 2013 Adobe inaleka kugulitsa mapulogalamu ake atsopano kamodzi n'kamodzi; munthu amalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo ndalamazo zidzachoka m'mbale ya chopereka. Scribus ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti, ngakhale imafuna kudekha poiphunzira. Canva, imene inayamba mu 2013, achinyamata amaidziwa ngakhale pafoni, koma imadya mabando. Affinity, imene Canva inagula mu 2024, inasanduka yaulere mu Okutobala 2025, koma kompyuta yokalamba kwambiri singaisenze. Tisathamangire imene ili ndi zokongoletsa zambiri, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndiponso pulogalamu yakuba imene wina angatiikire pamtengo wozizira siyenera kulowa mu ofesi ya Mpingo. Lamulo lachisanu ndi chiwiri silinasiye kunja za pa kompyuta.

Bungwe la parishi likasankha, pali zinthu zitatu zoti lisaiwale. Choyamba, mafayilo akale asungidwe ngati PDF pulogalamu yakale ikadatseguka, mawu ake akoperedwe mu Word, ndipo zonse zikhale m'malo awiri osiyana. Pepala limodzi la chilichonse lisindikizidwe ndi kuikidwa m'kabati. Chachiwiri, tiyambe ndi kanthu kakang'ono m'nyengo yopanda piringupiringu, osati m'Sabata Loyera kapena Khrisimasi itayandikira. Tione ngati zilembo zathu monga ŵ ndi ng' zikutuluka bwino, tifunsenso wosindikiza mtundu wa fayilo umene amalandira.

Chachitatu ndicho chachikulu: anthu. Mayi kapena bambo amene wakonza zolengeza kwa zaka zambiri, nthawi zina osalandira ngakhale ngwee, asakankhidwire kumbali chifukwa manja ake sanazolowere pulogalamu yatsopano. Iye ndiye adziwa kalembedwe ka maina a miphakati, nyimbo yoyenera nyengo ya Lenti, ndi mawu amene angapweteke banja lofedwa. Mnyamata adziwa kompyuta. Awiriwa akhale pa benchi imodzi, aliyense aphunzitse mnzake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ntchito yodziwa munthu mmodzi yekha imaima tsiku limene iye wadwala.

Ife a ku Kabwata chitsanzo tili nacho pafupi. Pamene nyumba zozungulira za antchito a nthawi ya atsamunda zinkagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanja, zina zinasiyidwa, ndipo ndizo Kabwata Cultural Village. Anamanga zatsopano osafafaniza zakale zonse. Mapepala a parishi nawonso ndi mbiri yathu: m'menemo muli maina a akwati, a olandira Ukaristia woyamba ndi a abale athu amene anatitsogolera.

Msonkhano wa Vatican II, m'chikalata cha Inter Mirifica cha mu 1963, unalimbikitsa Akhristu kugwiritsa bwino ntchito zipangizo zofalitsira mauthenga. Choncho kusamuka kumeneku tisakuope, koma tikuchite mwadongosolo ndi mwachikondi. Francis de Sales Woyera, amene Papa Pius XI anamuika kukhala nkhoswe ya alembi mu 1923, apempherere onse otikonzera mapepala a Lamulungu.