Chule wa pulasitiki ndi madamu athu a kwa Njombwa

Msika wa fodya wa ku Chinkhoma ukatsekedwa, anyamata amene atolako kangachepe amayamba kuyang'ana zinthu za pa foni ndi maso ena. Chaka chino chimene ambiri akundifunsa kuno kwa Njombwa ndi chule wa pulasitiki. Mwina mwamuonapo pa TikTok kapena YouTube. Munthu aponya kachule kobiriwira pakati pa akakombo, akakoka pang'ono, kenako madzi kuti phwaa! Chinsomba chokamwa ngati chitini chameza. Ukaonera kawiri, mtima umayamba kuwerengera ndalama yotumiza kwa m'bale ali ku Joni kuti akugulire.

Musanatumize, funsani kaye kuti m'damu mwanumo muli nsomba yanji.

Chule ameneyu anapangidwira nsomba yotchedwa bass, ya ku North America. Bass imasaka ndi maso. Imabisala pansi pa udzu wa m'madzi n'kumadikira chule, kansomba kapena chiwala chodutsa pamwamba. Imakula ndithu: ina imene George Perry anagwira ku Georgia mu 1932 inapitirira pang'ono makilogalamu 10. Kuno kwathu imapezeka malo ochepa kumene anthu anachita kuiika. Ku Zimbabwe ndi ku South Africa ndiye iliko yambiri. Koma m'madambo a Bua ndi m'madamu othiririra nazale za fodya, eni mudzi ndi mlamba, makumba, chilunguni ndi matemba. Makumba pa chule ameneyu aiwaleni, kamwa ndi yaing'ono.

Kwatsala mlamba. Achule enieni amadya, izi ndiye aliyense wotchera mbedza za usiku akudziwa. Amabweranso pamwamba kudzapuma mpweya, choncho phokoso la pamwamba pa madzi limamukopa, makamaka chisisira. Vuto lake ndi loti mlamba amadalira ndevu zake ndi fungo kuposa maso, ndipo pulasitiki sanunkhira kanthu. Amenya, inde, koma nthawi zambiri aphonya. Ngati cholinga ndi ndiwo za madzulo ano, nyongolotsi ndi matumbo a nkhuku sizinakhumudwitsepo munthu. Chule ndi wa masewera, wa munthu wofuna kuona nsomba ikulumpha, ndipo ine sindiona cholakwika pamenepo bola mukudziwa chimene mukugula.

Tsono posankha, mufinyeni ndi zala. Chule wabwino ndi wopanda kanthu m'kati ndipo ndi wofewa, moti mukamupana pamsana mbedza ziwiri zija zimatulukira msanga. Mbedzazo zimaloza m'mwamba, zitagona pathupi pake, n'chifukwa chake amadutsa pa udzu osakodwa. Akakhala wouma ngati chidole cha mwana, nsomba iluma koma mbedza sizituluka, mwangotaya ndalama. Wa masentimita 6 kapena 7 ndi wokwanira. Alipo wa mphuno yosongoka, wabwino pa udzu wothithikana, ndi wina wa kamwa yolowa m'kati amene amalavula madzi mukamugwedeza. Wachiwiriyu ndi amene ndingasankhire mlamba, chifukwa cha phokosolo, m'mphepete mwa mabango pamene pali poyera.

Za mawanga okongola a pamsana, amenewo ndi okopa wogula. Nsomba ili pansi, imaona mimba basi. Wa mimba yakuda ndi wa mimba yoyera, mwamaliza.

Pamene ambiri amagwa ndi pa chingwe. Kaulusi kopyapyala kowedzera matemba sikangatulutse nsomba m'kati mwa akakombo. Pamafunika chingwe cholukidwa chija amati braid, chopirira makilogalamu 20 kapena kuposerapo, ndi ndodo yolimba ya mamita awiri yokhala ndi chokulungira. Werengerani zonsezi pamodzi, chifukwa chule yekha ndiye wotchipa pa zonsezo.

Kawedzedwe kake ndi ka kuleza mtima. Pitani m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo likupendeka. Ponyani, dikirani mafunde athe, gwedezani kawiri katatu ndi nsonga ya ndodo, imani. Nsomba zambiri zimamenya chule ataima, makamaka pa kampata pakati pa udzu. Madzi akaphulika, dzanja limafuna kukoka nthawi yomweyo. Ayi aise. Werengani kawiri mumtima, mumve kulemera pa chingwe, ndiyeno kokani mwamphamvu n'kuyamba kukulunga osapumira, isanalowe m'mizu. Ikaphonya musamuchotse chule, musiyeni pomwepo, kawirikawiri imabwerera. Mukaponya kangapo muzimufinya kuti madzi olowa m'kati atuluke, apo ayi ayamba kumira. Miyendo ya timizere ija ikatalika, iduleniko ndi lumo, nsomba zisamangoluma miyendo yokha.

Akakodwa patali, musavule nsapato n'kulowa. Madzi odikha a udzu ndi amene mumakhala nkhono za likodzo, ndipo Bua ali ndi ng'ona.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi nkhani ina imene ndayamba kuimva, yoti bwanji tikatenge ana a bass m'chidebe tidzaike m'damu la kuno. Bass imadya tinsomba, ndipo ku Western Cape ku South Africa inatha nsomba zachilengedwe m'zigawo za mitsinje ingapo. Madamu athu akasefukira mu Januwale ndi Febuluwale, madziwo amathera mu Bua, ndipo Bua amatsikira ku Nkhotakota kukalowa m'nyanja ya Malawi. Ndi mtsinje womwewo umene mpasa umakwera kukaswana. Matemba amene amayi amagula pa msika ndi amene angayambe kusowa. Lamulo la za usodzi la 1997 nalonso sililola kuika nsomba yachilendo m'madzi popanda chilolezo cha boma.

Amene mukufunitsitsa kumuyesa chule wanu pa bass yeniyeni, yambani mwafunsa kumene kuli damu lokhala ndi nsombayi. Funsaninso eni malo za chilolezo chowedzera.