ZAPAMSIKA: Foni siinalodzedwe ayi

Anzanga apamsika, sabata yatha mphwanga, amene amandigulitsira kaunjika pa Mchinji Boma, anafuna kutapa mpamba wanga akagule foni ina. Akuti gemu yake yampira yapa intaneti ikumangodzitsekera yokha, mwina wina waithira mankhwala. Ine ndati, iwe, dikira kaye!

Titaifufuza tinapeza zitatu. Inadzaza ndi mavidiyo apa WhatsApp, malo osatsala. Imakhala padzuwa pabenchi mpaka kutentha ngati mbaula. Chachitatu, akapita kukaoda katundu cha kumalire ku Mwami, foni imalumphira netiweki yaku Zambia, gemu nkuduka.

Tinafufuta mavidiyo, tinaiika pamthunzi, netiweki tinasankha tokha yakwathu konkuno. Pano ikusewereka bwinobwino. Musanathamangire kwa sing'anga kapena kushopu, yambani mwaona zimenezi. Mpamba sasewera nawo, abale!