Galimoto yopanda geji yatiyambanitsa m'banja



Ndine mayi wa zaka 29, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Chaka chatha ine ndi amuna anga tidatenga ngongole n'kugula Toyota Vitz yochokera ku Japan. Mwezi wathawu ndinkapita ku Dedza kukaona mayi anga, ana ali kumbuyo. Titadutsa pa Linthipe, padashibodi padayaka kagetsi kofiira. Ndidati ndikafunsa ndikafika, koma tisanafike paboma galimoto idayamba kutuluka nthunzi n'kuzima. Amakaniko akuti gasiketi idapsa ndipo ndalama zomwe atchula n'zoopsa. Amuna anga akuti ndine wosasamala, alanda makiyi ndipo sitikuyankhulana bwino. Apongozi anga akuti vuto ndi magalimoto a masiku ano, alibe geji ya kutentha ngakhale tayala la sipeya. Kodi wolakwa ndani?

Wodandaula,
Lilongwe.

Mwana wanga,

Pepa ndi zomwe zakuchitikirazi, koma chachikulu n'chakuti iwe ndi ana mudabwerako amoyo. Gasiketi amagulitsa, mwana sagulitsa.

Apongozi akowo sakunama. Dandaulo lawo ndimalimva kwa anthu ambiri. Magalimoto akale ankakhala ndi kamuvi koyenda pakati pa C ndi H, ena mpaka geji ya oyilo ndi ya batire. Ndili namwino kumudzi, tikamakwera zitunda ndi wodwala, dalaivala wa ambulansi diso limakhala pa kamuviko. Kakangoyamba kukwera, amadziwa kuti pali vuto lisanakule. Timagalimoto tambiri tadzadza m'misewumu, monga Vitz, Passo, Honda Fit ndi Mazda Demio, tilibe kamuvi kameneka. Opanga adaona kuti n'zotsika mtengo kuika timagetsi, kompyuta ya m'galimoto n'kumayang'anira yokha.

Kuwodi tinkayeza kutentha kwa thupi la wodwala maola 4 alionse n'kulemba patchati. Tikaona kuti kwachoka pa madigiri 37 kufika 38, tinkachitapo kanthu mwana asanayambe kukomoka. Geji inkagwira ntchito ya tchati imeneyi. Kagetsi kofiira kali ngati mlonda wodwala wofuula pakati pa usiku kuti "anesi bwerani!" Zikafika pamenepo, sitinena kuti tiona mawa.

Ndiye poti galimoto yako sikunong'oneza, imangokuwa, uyenera kudziwa kukuwa kwake. Injini imayenda bwino pa madigiri pafupifupi 90. Mmawa ukailiza umaona kagetsi ka buluu kapena kobiriwira, kokhala ndi chithunzi cha choyezera kutentha chili m'madzi. Kameneko kakungonena kuti injini ikadali yozizira, yendetsa mofatsa, kazima kokha. Koma chithunzi chomwecho chikayaka chofiira, patuka pamalo abwino, yatsa mahazadi, zimitsa injini. Ana atuluke akakhale kutali ndi msewu.

Apa mvetsa bwino, chifukwa ndidasamalirapo anthu ofutuka nkhope ndi manja. Usatsekule chivindikiro cha rediyeta injini ikadali yamoto. Madzi a mmenemo amakhala opanikizika ndipo amathovoka ngati kasupe. Dikira mphindi 30 kapena kuposerapo. Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, kenaka pitani kuchipatala. Osapakapo mazira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira.

Kagetsi kena koopsa ndi kofiira kooneka ngati ketulo ikudontha. Ambiri amayesa kakungokumbutsa kuti akawonjezere oyilo kumapeto a mwezi. Ayi, kakunena kuti oyilo sakuzungulira bwino mu injini, ndipo ukakakamira, injini imanoka m'mphindi zochepa. Kofiira ka chithunzi cha batire kakutanthauza kuti batire silikulandira moto, mwina lamba waduka. Ka chikasu kooneka ngati injini kamati pita kwa amakaniko msanga, koma kakamaphethira, vuto ndi lalikulu, usapitirize ulendo. Mwachidule, chofiira ima, chachikasu kafunse.

Za tayala la sipeyazo n'zoonanso. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi kabotolo ka mankhwala omata pamodzi ndi kapampu kamagetsi basi, pofuna kuchepetsa kulemera ndi mafuta. Kumeneko misewu ndi yosalala ndipo thandizo limafika msanga. Mankhwalawo amatseka kabowo ka msomali, koma tayala long'ambika m'mbali chifukwa cha dzenje la mumsewu sangalichite kanthu. Amakhalanso ndi tsiku lothera mphamvu ngati mankhwala a kuchipatala, ndipo ukawagwiritsa ntchito suyenera kupitirira liwiro la makilomita 80 pa ola. Kwa banja la ana aang'ono, tayala la sipeya, jeke ndi sipanala ya mawilo n'zofunika kuposa sipika zogunda. Taganiza mwana watentha thupi usiku, inu muli panjira ya kuchipatala, tayala n'kuphwa.

Tsono wolakwa ndani? Iwe udalakwa kupitiriza ulendo kagetsi kofiira katayaka, vomera ndipo upepese. Safunsa adadya phula, mwana wanga, ukadangoimba foni. Koma amuna akowo asadziyeretse. Galimoto situtuma popanda chifukwa. Mwina madzi ankadontha kwa milungu ingapo, mwina fani idasiya kuzungulira. Ndani adatsekula boneti ulendowu usanayambike?

Inu akamwini anga, ngati mukuwerenga, ndikufunseni: mudakhalapo pansi ndi akazi anu n'kuwalongosolera timagetsi timeneti? Nanga inuyo mumatidziwa tonse, poti kabuku ka galimotoyo mwina n'kolembedwa m'Chijapanizi? Ngongole mudasainira limodzi, ndiye galimotoyo ndi ya nonse. Kulanda makiyi sikukonza gasiketi. Tsiku lina inu mudzakhala kutali, mwana n'kudwala, ndipo mudzafuna mayi wodziwa chiwongolero, osati wamantha. Madzi akatayika saoleka, bwezani makiyiwo.

Galimoto ikatuluka kugaraja, chitani izi nonse awiri. Pindani kiyi osaliza injini, timagetsi tonse tiyaka kwa kanthawi. Pemphani amakaniko akuuzeni kalikonse, mulembe papepala m'Chichewa n'kusunga m'galimoto momwemo. Kagetsi kamene sikayaka panthawiyi kangakhale kakufa, kapena wogulitsa adakathimitsa dala pobisa vuto. Loweruka lililonse mmawa, injini isanalizidwe, onani oyilo, madzi a m'kabotolo ka rediyeta, mpweya wa matayala komanso pansi pomwe galimoto yagona ngati padontha kanthu. Ngati mtima ukufunabe geji, amakaniko odziwa zamagetsi amatha kuika yapadera, ndipo pali kachipangizo kolumikiza kunsi kwa chiwongolero komwe pa magalimoto ambiri kamaonetsa kutentha kwa injini pafoni.

Kwa inu nonse amene mukusunga ndalama zogulira galimoto, musamangoona utoto ndi wailesi. Tsekulani buti, suzumirani padashibodi, funsani zomwe mulibe.

Ndipo iwe mwana wanga, usadikire kuti m'banjamo muyake kagetsi kofiira. Kusayankhulana kwa milungu ndi kamuvi kakukwera kale. Ana akagona lero, khalani pansi mukambirane mmene mulipirire amakaniko. Mutu umodzi susenza denga. Undilemberenso zikatheka.